Foni ikati zii, musanamizire netiweki

Alamu anga si munthu wopusa. Ndayamba ndi mawu amenewa dala, chifukwa ndikudziwa chomwe chili m'mutu mwanu: kuti zoberedwa ndalama pafoni zimagwera agogo akumudzi, aja amapatsira mdzukulu foni kuti awawerengere meseji. Alamu angawa ndi akauntanti pa ofesi ina ku City Centre, amakhala ku Area 47, ndipo amayi anzawo a banki m'khonde anawasankha kukhala msungichuma chifukwa K50 ikasowa m'buku iwo sagona tulo. Komabe kumapeto kwa mwezi wina anawakokolola K870,000, foni ili m'chikwama, chikwamacho chili pamiyendo pawo.

Zinayenda chonchi. Lachisanu cha m'ma 3 koloko masana, malipiro atangolowa kumene, foni inaitana. Anali bambo wa mawu ofatsa, wolankhula Chichewa chothira Chingerezi apo ndi apo monga amachitira a m'maofesi, ndipo anawatchula maina awo onse atatu. Anati akuimba kuchokera ku kampani ya foni, akuunikanso kaundula wa masimu, ndipo nambala ya alamu ili m'gulu la zotsekedwa ikamakwana 5 koloko chifukwa zomwe zinalembedwa sizikugwirizana ndi za pa chitupa cha unzika.

"Mutha kubwera ku ofesi kuno, mayi, koma mzere ulipo lerowu simungauthe. Mukalola, ndingokuthandizani pompano."

Alamu anayang'ana mulu wa mafayilo pa desiki, nayang'ana wotchi, n'kuvomera. Bamboyo anafunsa nambala ya chitupa, tsiku lobadwa, mudzi ndi mfumu yaikulu, nambala zitatu zomwe amaimbira kawirikawiri, ndi mtengo wa mayunitsi omwe anagula komaliza. Kenaka panalowa kameseji ka manambala, iye n'kupempha kuti amuwerengere kuti atseke fayilo. Anamuwerengera. Asanadule, anawonjezera mawu omwe alamu amawabwereza mpaka lero uku akupukusa mutu: "Komanso mayi, PIN yanu musauze munthu aliyense, ngakhale ineyo. Akuba achuluka masiku ano." Alamu anathokoza. Anathokoza ndithu, ndi "Mulungu akudalitseni" pamwamba.

Poweruka, ali pa mzere wa magalimoto cha ku Area 18, anaona kuti timizere ta netiweki pakona pa foni tazimirira. Anangoti ndi netiweki, nanga si imatero. Atafika kunyumba foni inagwira WiFi, mameseji a WhatsApp n'kuyamba kugwa ngati masiku onse, za timizere zija n'kuiwalika. Loweruka anaswera ku chinkhoswe. Madzulo ake atafuna kugula mayunitsi a magetsi pafoni zinakanika, anangotuma mnyamata wa pakhomo ndi ndalama ya m'manja. Lamulungu kutchalitchi. Lolemba m'mawa m'pamene anatsikira ku Old Town kukadandaula kuti simu yafa. Mtsikana wa pa kauntala anayang'ana pa kompyuta, n'kuwayang'ana iwo, n'kufunsa: "Mayi, si inu munasinthitsa simu Lachisanu madzulo?"

Pepala la sitetimenti lomwe anawasindikizira ndinaligwira ndi manja angawa. Linali litanyowa pakona ndi thukuta la chala chawo. Lachisanu 6 koloko itangodutsa, K300,000 yachoka ku akaunti ya kubanki n'kulowa mu akaunti ya pafoni. Mphindi zinayi zokha, ndalamayo yamwazidwa ku nambala zitatu zachilendo. Loweruka m'mawa, nthawi yomwe alamu ankamanga duku pagalasi, K300,000 ina yatsata njira yomweyo. Loweruka masana, K250,000 ya amayi a gulu. Pansi penipeni, ngati kuwaseka, ngongole ya pafoni ya K18,000 yotengedwa m'dzina lawo, ndi mayunitsi a K2,000.

Tiime pamenepa, chifukwa mlandu wonse wagona pa mphindi zochepa za foni ija ndi masiku awiri achete aja.

PIN anaitenga kuti, poti alamu sanaitchule? Anaitchula. PIN yawo inali chaka chawo chobadwa, ndipo yomweyo ndi imene ankatsegulira za kubanki, poopa kuiwala. Pamene ankatchula tsiku lobadwa anali akupereka kiyi mmodzi wotsegula nyumba ziwiri. Nanga yanu ndi chiyani? Musandiuze ine, dziyankheni nokha. Chaka chanu chobadwa? Cha mwana wachisamba? Manambala anayi omaliza a foni yanu? Kapena ndi 1234 yemwe uja munati mudzasintha mukadzapeza mpata? Wakuba sayamba ndi mankhwala, amayamba kuyesa zomwezi.

Ndipo taonani pomwe panagona ukathyali wa bambo uja. Tonsefe tinaphunzitsidwa, pa wailesi ndi pa zikwangwani za m'misewu, kuti PIN sauza munthu. Wakuba naye amamvera wailesi yomweyo. Akudziwa kuti mlonda wanu munamuimika pa geti limodzi lotchedwa PIN, choncho iye amafika pagetipo, n'kumupatsa moni mlondayo, n'kumuyamikira kuti akugwira bwino ntchito, kenaka n'kukalowera ku mpanda wa kuseri. Mawu aja akuti "ngakhale ineyo" ndiwo anagonetsa mtima wa alamu. Anatuluka mu ofesi tsiku limenelo akudziona kuti athandizidwa ndi munthu wachilungamo.

Mafunso omwe anafunsidwa sanali ocheza. Ndi mtundu wa mafunso omwe amafunsidwa munthu amene wataya foni ndipo akufuna simu yatsopano pa nambala yake yakale, pofuna kutsimikiza kuti nambalayo ndi yakedi. Bambo uja ankatolera mayankho a mayeso omwe mnzake ankapita kukalemba m'dzina la alamu. Kameseji ka manambala kaja nakonso kanali ndi mawu pansi pake, ochenjeza kuti manambalawo asapatsidwe kwa wina aliyense. Alamu anakawerenga mawuwo Lolemba. Lachisanu maso awo anathera pa manambala, chifukwa khutu linali pa munthu amene ankadikira. Inu mumawerenga meseji yotere mpaka kumapeto? Kapena mumangotola manambala ngati mtedza, makoko n'kutaya?

Kenaka changu chija. Ndi kampani iti yomwe ingakutsekereni nambala ndi chenjezo la maola awiri, kudzera pakamwa pa munthu mmodzi woimba ndi nambala wamba ngati yanu ndi yanga? Bodzali linalowa msanga chifukwa linavala malaya a chinthu chomwe chinachitikadi. Mu 2017 bungwe la NRB linalemba Amalawi oposa 9 miliyoni m'kaundula wa unzika, ndipo mu 2018 bungwe la MACRA linalamula kuti simu iliyonse ilembetsedwe, zosalembetsa n'kutsekedwa. Tonse tikukumbukira mizere yake. Koma kumbukiraninso mmene zinayendera: zinalengezedwa miyezi yambiri, ndipo munthu ankapita yekha, chitupa kumanja, kukaonana maso ndi maso ndi wolembayo. Palibe amene analembetsa simu poyankha mafunso pafoni ali pa desiki yake. Munthu akakupatsani nthawi yochepa yoti muganize, dziwani kuti nthawiyo waichepetsa dala. Dulani foniyo. Imbani nokha nambala yothandizira makasitomala ya kampaniyo, kapena pitani ku ofesi yawo. Ngati nkhaniyo ndi yoona mukaipeza kumeneko ikukudikirani.

Koma cholakwa chomwe chimandiwawa kwambiri si cha pa foni ija ayi. Aliyense akhoza kuterereka kwa mphindi zisanu. Chimandiwawa ndi chete wa Lachisanu usiku mpaka Lolemba. Bwererani ku sitetimenti ija muwerengere nokha: Lachisanu inapita K300,000 yokha. Zotsalazo, zoposa theka la miliyoni, zinapita Loweruka, patadutsa usiku wathunthu foni ikuwauza alamu kuti china chake chalakwika. Simu yanu ikasinthidwira kwa wina, yomwe ili m'foni mwanu imafa nthawi yomweyo. Simuimba, simulandira, ndipo mameseji onse okuuzani kuti ndalama yatuluka amapita kwa wakubayo. Chizindikiro chokha chomwe mumatsala nacho ndi timizere tija kuzimirira.

Ife a mu Lilongwe tinazolowera kukhululukira netiweki monga tinazolowera kukhululukira magetsi ndi madzi. Chikasowa timati chibwera. Chizolowezi chimenechi n'chimene akuba amadalira, ndipo n'chifukwa chake amakonda Lachisanu madzulo, maofesi akutsekedwa, anthu akuganiza za maukwati ndi mpira. Inu a ku Area 10, Area 12, Area 43 ndi kwina komwe nyumba zili ndi WiFi, ngozi yanu ndi yaikulu kuposa ya m'bale wanu wa ku Mtandire kapena ku Kauma. Iye simu ikafa, foni yonse yafa, ndipo m'mawa kukacha amakhala ali kale pa ajenti kufunsa. Inu WhatsApp imapitiriza kulira, Facebook ikutseguka, mwana wa ku London akuimba pa vidiyo, mpaka masiku awiri osadziwa kuti nambala yanu ili m'thumba la munthu wina. Mayeso ake ndi a mphindi imodzi. Funsani wapafupi amene ali pa kampani yomweyo: "Yanu ikugwira?" Ngati yake ikugwira, yanu ayi, zimitsani foni muyatsenso. Zikapanda kusintha, musadikire kuti kuche.

Mwina mukuti, dzina langa lonse angalidziwe bwanji mlendo? Si zovuta. Yambani kutumiza ndalama ku nambala iliyonse pafoni panu: musanatsimikize, dzina la mwini nambala limaonekera. Wakuba amangoyesa nambala, n'kulemba dzina, n'kusiya osatumiza. Ndiye onjezani zomwe timamwaza tokha tsiku ndi tsiku. Buku la alendo pa geti la ofesi ku City Centre, momwe mumalemba dzina, nambala ya foni ndi komwe mukuchokera, buku lomwe aliyense wobwera pambuyo panu amaliwerenga akudikira cholembera. Fotokope ya chitupa cha unzika yomwe inatuluka yoderako, inu n'kuisiya m'katoni ya zinyalala pa kashopu ka fotokope ku Old Town. Gulu la WhatsApp la ukwati kapena la maliro, la anthu 200 omwe theka simuwadziwa, momwe mumalengeza kuti "zopereka zonse zipite pa nambala ya msungichuma iyi," n'kumaika mndandanda madzulo alionse woonetsa kuti thumba lafika pati. Mwamuuza wakuba dzina, nambala, ndi tsiku lomwe nkhokwe yadzaza. Alamu anga anali msungichuma wa magulu awiri otere.

Vuto ndi loti simu tikuionabe ngati kachinthu koimbira foni, pomwe inasanduka chitseko cha chuma chathu chonse. Airtel Money inayamba m'dziko muno mu 2012, TNM Mpamba mu 2013, ndipo mabanki nawo ali ndi njira zawo zoyendetsera ndalama pafoni, monga Mo626 ya National Bank. Lero ndi *211# kapena *444# mumalipira madzi a Lilongwe Water Board, magetsi a ESCOM, fizi ya mwana, ndi kutumiza ya feteleza kumudzi, ndipo ambiri tinalumikiza akaunti ya pafoni ndi ya kubanki kuti ndalama zizidutsa mosavuta. Ndi zabwino, ine sindingabwerere ku masiku opatsira kondakitala wa basi envelopu. Koma njira yomwe yafupika kwa inu yafupikanso kwa amene wagwira nambala yanu.

Akubawa si anyamata ongoyesa mwayi. Bungwe la MACRA linanenapo kuti Amalawi amaberedwa ndalama pafupifupi K120 miliyoni mwezi uliwonse kudzera m'chinyengo cha pafoni, ndipo kumbukirani kuti ambiri oberedwa sakanena n'komwe. Apolisi akhala akunena poyera kuti ambiri mwa mafoni achinyengowa amachokera m'ndende, makamaka ndende yaikulu ya Zomba, komwe akaidi ena amalowetsa mafoni mozemba n'kumagwira ntchito ndi anzawo a kunja omwe amakatapa ndalamazo kwa maajenti. Taganizirani: munthu amene alibe kopita, alibe ntchito ina, tsiku lonse akuyeserera mawu oti akuuzeni. Inu mukuyankha foni yake uku mukuwerengera chenji cha kabaza, uku bwana akukuitanani. Mukuona ngati mpikisano umenewu ndi wofanana?

Nyambo zawo n'zambiri ndipo zina mwakumana nazo kale. Kameseji kaja kongoti ndalama ija mutumize pa nambala iyi, komwe amakamwaza kwa anthu mazanamazana podziwa kuti mmodzi mwa iwo alidi ndi ngongole yoti abweze lero. Meseji yonamizira kuti mwalandira ndalama, kenaka mayi akulira pafoni kuti watumiza molakwika, inali ya kuchipatala, mumubwezere. Mukaona balansi yanu nokha mupeza kuti sipanalowe kanthu. Wa thiransipoti amene akuti wanyamula katundu wanu wochokera kwa m'bale wa ku Joni, amugwira pa chipata cha Dedza kapena cha Mwanza, pakufunika ya msonkho msangamsanga. Wina akuti mwasankhidwa kulandira nawo Mtukula Pakhomo, wina akuti mwapambana mpikisano womwe simunalowe. Zonsezi zili ndi fungo limodzi: changu, chinsinsi, ndi kukuuzani kuti mudine manambala ena ake pafoni panu iye akukuwongolerani. Munthu akayamba kukuuzani kuti "dinani nyenyezi," foniyo si yanunso, mwamubwereka zala zanu.

Ndinenepo pang'ono za m'nyumba, ngakhale ena sakondwa nazo. Si ndalama zonse zotuluka mosadziwika zomwe zimapita ku Zomba. Zina zimathera pa khonde panu pomwepo. Mumatuma wantchito kapena mlonda kwa ajenti ndi foni yanu, PIN mutamulembera pa kapepala. Mwana wanu wa sekondale amaidziwa chifukwa ndiye amakugulirani bando. Tsiku lina mupeza K5,000 yapita ku kampani ya zobetcha mpira, mawa lake K10,000. Ambiri mwa antchito athu ndi anthu okhulupirika, ndipo n'chifukwa chake kuwapatsa PIN ndi kuwalakwira: tsiku lomwe ndalama idzasowe, woyamba kumuloza chala adzakhala iye, ngakhale wakuba ali kutali kapena akudya nanu pa tebulo. Chimodzimodzi pa ajenti mu Malangalanga kapena pa depoti: musapereke foni kuti akudinireni, ndipo potayipa PIN phimbani ndi dzanja, anthu oima kumbuyo kwanu si onse akudikira kutapa ndalama.

Tsono zikakugwerani, mutani? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, palibe adzakuthamangireni. Choyamba si kulira, si kuimbira abusa, si kulemba pa Facebook. Bwerekani foni ya wina muimbire kampani yanu ya foni kuti atseke simu ndi akaunti ya ndalama nthawi yomweyo. Mukangodula, imbirani banki kuti aimitse zonse za pafoni ndi pa intaneti pa akaunti yanu. Apa ambiri amapunthwa: amatseka kumodzi n'kuiwala kwinako, wakuba n'kupitiriza kukoka. Nambala zothandizira makasitomala za mbali ziwirizi zilembeni lero pa pepala muike m'chikwama, chifukwa tsiku la tsokalo foni yanu idzakhala yakufa ndipo mutu sudzagwira. Changu chili ndi chifukwa chake: ndalama ikadali mu akaunti ya amene waitolayo, kampani ikhoza kuitsekera momwemo. Ikangotapidwa kwa ajenti n'kusanduka makwacha a m'thumba, madzi atayika.

Kukacha pitani nokha ku ofesi ya kampaniyo ndi chitupa chanu. Katengeni nambala yanu, sinthani PIN zonse, ndipo pemphani sitetimenti yosindikiza yoonetsa tsiku, nthawi, nambala zomwe zalandira ndalama ndi nambala ya chiphaso ya kutumiza kulikonse. Dandaulo lanu lilembedwe, ndipo musachoke asanakupatseni nambala ya dandaulolo. Mawu apakamwa a "tiziona, mayi" sakufikitsani kulikonse. Lembani dzina la amene wakuthandizani ndi tsiku lake. Mameseji a wakuba, nambala yomwe anaimbira ndi nthawi yake, musafufute ngakhale zikukunyansani kuziona. Zijambuleni musunge pena.

Ndi mapepala amenewo pitani kupolisi, kaya ku Area 3, kaya ku Lingadzi, kaya polisi iliyonse yomwe muli nayo pafupi, mukatenge lipoti. Apolisi ali ndi nthambi yoona za milandu ya chinyengo cha ndalama, ndipo dziko lino lili ndi lamulo la 2016 loona za malonda a pa makina ndi chitetezo cha pa intaneti, lomwe limati kulowa mu akaunti ya wina popanda chilolezo ndi mlandu. Ngati banki kapena kampani ikukuzengerezani kapena yakuyankhani zosakukhutiritsani, nkhani sithera pa kauntala pawo. Reserve Bank of Malawi, yomwe likulu lake lili ku City Centre komweko, ndiyo imayang'anira mabanki ndi njira zotumizira ndalama pafoni, ndipo imalandira madandaulo a makasitomala amene anayamba adandaula ku kampani yawo koma osathandizidwa. Za simu ndi mafoni, woyang'anira ndi MACRA. Kulikonseko adzakufunsani chinthu chimodzi: umboni woti munadandaula kale, ndi tsiku lake. N'chifukwa chake ndikulimbikira za mapepala.

Musaiwale kuchenjeza abale ndi anzanu tsiku lomwelo. Amene wagwira nambala yanu akhoza kulanda ndi WhatsApp yomwe, n'kuyamba kulembera achimwene anu kuti mwagonekedwa ku Kamuzu Central, atumize kangachepe msanga. Ndiponso chenjerani ndi foni yachiwiri. Patapita masiku atatu, alamu anaimbiridwa ndi munthu wina wodzitcha wapolisi, wodziwa nkhani yonse mpaka ndalama zake, akuti wakuba wagwidwa ndipo pakufunika K30,000 ya mafuta a galimoto kuti akamutenge. Ankadziwa nkhani yonse chifukwa anali a gulu lomwelo, abwerera kudzakunkha. Ulendo uno alamu anadula.

Sindikunamizani kuti mukachita zonsezi ndalama zanu zibwera. Nthawi zambiri sizibwera zonse, makamaka ngati zapezeka kuti manambala achinsinsi munapereka ndinu. Nambala zolandira zija kawirikawiri zimakhala zolembetsedwa ndi zitupa za anthu ena osalakwa, ena a kumudzi omwe anapatsidwa kangachepe kuti abwereketse chitupa, osadziwa kuti dzina lawo likagwira ntchito yanji. Apanso ndikufunseni: chitupa chanu munabwerekapo ndani kuti akalembetsere simu? Mukudziwa kuti ndi nambala zingati zomwe zili m'dzina lanu? Kafunseni ku kampani yanu ya foni, ndipo zomwe simukuzidziwa akazitseke. Tsiku lina apolisi akhoza kugogoda pa geti panu kufuna mwini nambala yomwe inalandira ndalama zakuba.

Chomaliza chomwe chinawadya alamu ndi manyazi. Atatuluka mu ofesi ija Lolemba, anakhala m'galimoto pafupifupi ola lathunthu, mawindo otseka, osaimbira munthu. Amuna awo, omwe ndi achimwene anga, anawauza Lachitatu. Amayi a gulu anamva patatha sabata ziwiri, ndipo kuchedwa kumeneko kunabala mlandu wina, chifukwa ena anayamba kunong'onezana kuti mwina msungichuma wadya yekha ndalama n'kupeka nkhani ya akuba. Munthu amene kwa zaka zambiri sanasowetsepo tambala anakhala pa mkeka kumayankha mafunso ngati wakuba. Chinawapulumutsa ndi sitetimenti ija ndi lipoti la apolisi. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo akubawa amawadziwa manyazi a anthu ophunzira: amadziwa kuti bwana wa ku Capital Hill kapena mayi wa ku Area 9 angalole kutaya theka la miliyoni kusiyana n'kukaima pa kauntala ya polisi kunena kuti "andipusitsa." Mukakhala chete, nambala yomwe inakuberani imakhalabe yamoyo, ndipo mawa iimbira mayi anu.

Pa K870,000 ija, zomwe zinabwerera ndi K60,000 yomwe inapezeka isanatapidwe mu imodzi mwa nambala zitatu zija. Ngongole ya pafoni anabweza okha. Za amayi a gulu akubweza K25,000 mwezi uliwonse, ndipo udindo wa msungichuma anautula okha ngakhale anzawo anawapempha kuti apitirize. Nditawauza kuti ndikufuna kulemba nkhaniyi anakhala kaye chete, kenaka anati, "Lembani alamu, koma dzina langa lokha musatchule. Muwauze za chaka chobadwacho."

Ndakuuzani. Foni muli nayo m'manjamo, ndipo kusintha PIN sikutha mphindi ziwiri. Sinthani ya pafoni, musinthenso ya kubanki, ziwirizo zisafanane, musanagone lero.